Kachisi wa ku Msinja

Munthu wa ku Kawale kapena ku Biwi akatsegula mpopi, madzi amene atunga achokera ku mapiri a Dzalanyama, kumene kuyambira mtsinje wa Lilongwe. Koma si ambiri adziwa kuti kumapiri komweko ndiko makolo a Achewa ankapita kukapempha mvula, kalekale Azungu asanafike m'dziko muno.

Akuluakulu asimba kuti anthu oyamba ndi nyama adatsikira pa Kaphirintiwa, thanthwe likali lofewa, nasiyapo mapazi awo. Kachisi wa Chisumphi adayambira pamenepo, ndipo pambuyo pake adamsamutsira ku Msinja.

Mwini kachisiyo anali mkazi wa mfunda wa Banda, wotchedwa Makewana, ndiko kunena mayi wa ana. Iye sankakwatiwa monga akazi ena, pakuti ankayesedwa mkazi wa Mulungu. Tsitsi lake silinkametedwa, chifukwa anthu ankati kulimeta ndiko kudula mvula. Ankamtumikira ndi akazi otchedwa matsano, amene ankakhala padera, osayandikana ndi amuna. Panalinso Kamundi, wa mfunda wa Mbewe, ndi Tsang'oma, wosunga ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Ng'omayo sinali yoimbira gule ayi. Ikamveka, anthu ankadziwa kuti yafika nthawi ya nsembe.

Chilala chikagwa, mafumu akutali ankatuma amithenga ndi nsalu yakuda kapena mbuzi yakuda, pakuti mtambo wa mvula ndi wakuda. Amithengawo ankayenda masiku ambiri pansi, ena kuchokera kumaiko amene lero ali m'Mozambique ndi m'Zambia. Mudzi wa Msinja unalibe linga kapena asilikali. Unkatetezedwa ndi ulemu wa anthu basi.

Ulemuwo sudakwanire pofika Angoni. Cha m'ma 1870 nkhondo yawo idapasula Msinja, otumikira pakachisi nabalalika. Zambiri zimene tidziwa lero zidapulumuka m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo adazilemba ndi Samuel Ntara m'buku la Mbiri ya Achewa, ndiponso W. H. J. Rangeley m'chaka cha 1952. Iwowa adachita bwino kufulumira, poti nkhalambazo zinali kutha.

Nkhondo zitaleka, anthu adabwerera, namanganso kachisi, ndipo udindo wa Makewana sudafe. Mlendo wofikako asayembekeze kuona nyumba ya miyala yonga matchalitchi akale a ku Ulaya. Kachisi wa Achewa ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu, kamene kamaola, nkumangidwanso. Mlendoyo ayenera kuyamba waonekera kwa amfumu, ndi kumvera zimene osunga malowo amuuza.

Nkhalango ya Dzalanyama idaikidwa m'manja mwa boma m'chaka cha 1922. Koma makala ophikira m'makomboni a Lilongwe adaidya kwambiri, kotero kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukalondera mitengo.