Mbiri ya Galamafoni ku Balaka ndi ku Machinga, ndi Kasamalidwe Kake

Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inatsegulidwa m'chaka cha 1935, ndipo inadzera pa Balaka. M'chaka chomwecho unatha mlatho waukulu wa pa Zambezi, kotero kuti munthu ankakwera sitima ku Beira nadzatsikira pa Balaka osaolokanso mtsinje uja pa bwato. Masiku amenewo Balaka sanali boma payekha. Anali mbali ya dziko limene pambuyo pake linatchedwa Kasupe, kenaka Machinga, ndipo maboma awiriwa anapatukana mu 1998.

Pa siteshoni imeneyi pankatsikira amuna ochokera ku ntchito ku Halale ndi ku Joni. Ena anapita ndi Wenela, ena ndi Mthandizi, ena anayenda okha paselefu. Katundu wao ankadziwika: njinga, mabulangete, makina osokera, ndi sutikesi ya zovala. Koma amene ankatsatidwa ndi ana kuyambira pa siteshoni kufikira kumudzi anali wonyamula kabokosi kokhala ndi chopukusira m'mbali. Kabokosi kameneka ndiko galamafoni.

Woyamba kupanga makina ogwira mau a munthu anali Thomas Edison wa ku America, mu 1877, koma makina ake ankalemba mauwo pa chinthu chonga kachitini. Mu 1887 Emile Berliner anapeza njira yolembera mau pa chinthu chaphanthiphanthi chozungulira, ndipo chimenechi makolo athu atachiona anachitcha mbale. Dzinali linakhazikika ndithu, pakuti ngakhale lero woimba akatulutsa nyimbo zake timati watulutsa chimbale, chikhalirecho ambiri onena mauwa sanaigwirepo mbale yeniyeniyo.

Mukaiyang'anitsitsa mbale mudzaona ngati ili ndi mizera yambirimbiri, koma kunena zoona mzerawo ndi umodzi wokha mbali iliyonse, woyambira m'mphepete nuzungulira kufikira pakati. M'kati mwa mzerawo muli timakhota tating'ono kwambiri. Singano ikamayenda m'menemo imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka mau. Tsono mvetsetsani apa, inu awerengi, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Mau onse a woimba ali m'timakhota timeneti. Tikapereseka, mauwo apita, ndipo palibe mmisiri amene angawabweze. Mbale yongokhala m'bokosi ikhoza kupirira zaka 100. Chimene chimaipha msanga ndi makina osasamalidwa.

Mbale zambiri zofika kuno zinkachokera ku Johannesburg, kumene Eric Gallo anayamba malonda ake a mbale mu 1926. M'zaka za m'ma 1950 anyamata ankakonda kwela ya Spokes Mashiyane, woimba kachitoliro kachitsulo, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaitenga kwelayo naisandutsa yakwathu. Mau a anthu a dziko lino naonso analowa m'mbale. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland mu 1950 ndi 1958 kujambula nyimbo za Amang'anja, Achewa, Ayao ndi mitundu ina, ndipo zimene anajambulazo zimasungidwa ku Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa.

Galamafoni ya masiku amenewo siinkafuna magetsi. Mwini ankapukusa chogwirira chija nakunga sipuling'i ya m'kati, ndipo sipuling'iyo pomasuka inkazunguza mbale ka 78 pa mphindi imodzi. M'katimo munalinso timipira tachitsulo toletsa makina kuthamanga mopitirira. Girisi wa m'sipuling'i akauma, makina ankagunda pakati pa nyimbo ngati munthu wogogoda pachitseko, ndipo wopukusa mwaukali ankaidula sipuling'iyo. Ndicho chifukwa chake pa ukwati mwini galamafoni sankalola munthu wamba kukhudza chopukusira.

Koma vuto lalikulu linali singano. Zinali zachitsulo, zogulitsidwa m'timabokosi ta 100 kapena 200, ndipo lamulo la ozipanga linali lakuti singano imodzi iimbe mbali imodzi ya mbale, kenaka itayidwe. Lamuloli silinali la umbombo wa amalonda ai. Mbale za 78 ankaziumba ndi utomoni wochokera ku tizilombo ta ku India, nasakanizamo fumbi la miyala, kuti singano ndiyo iperesedwe, osati mbale. Nyimbo imodzi ikatha, nsonga ya singano inkakhala itasanduka ngati kasemasema, ndipo kuibwereza kunali kusema mau a woimba. Nanga munthu wa kwa Kawinga kapena wa kugombe la Chiuta, amene sitolo inali mtunda wa tsiku lathunthu, akanatani? Ankaibwereza, ndipo ena ankainola pamwala. Sitingawadzudzule, koma mbale zao zambiri zinatha motero, zikungolira phokoso longa mvula ya padenga.

Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale zazikulu zozungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi, ndipo mu 1949 kampani ya RCA Victor inatulutsa zazing'ono za 45. Zimenezi zinali za pulasitiki, zosasweka msanga, koma mizera yake inali yopyapyala kwambiri, yosayenera singano yachitsulo. Zinafuna makina atsopano oyendera mabatire kapena magetsi. Kuno magetsi anayamba kuchuluka pamene nyumba yopangira magetsi ya pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, inayamba ntchito mu 1966. Ena mwa makina atsopanowa ankazunguza mbale ndi kagudumu ka mphira, koma abwino ambiri a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, monga a Thorens ndi a Pioneer, anali oyendera lamba. Amenewa ndiwo apezeka lero m'nyumba zina za aphunzitsi akale, akalaliki a boma ndi ogwira ntchito ya njanji, ndipo ambiri mwa iwo sanafe konse. Angogona chifukwa cha kanthu kakang'ono.

Aliyense amene anaona chigayo, kapena makina a telala wa pakhonde la sitolo, adziwa kale ntchito ya lamba. Mota imazungulira msanga, ndipo lamba amatenga mphamvuyo kuipereka ku chitsulo chachikulu chimene pamakhala mbale. Ubwino wake ndi wakuti mphira imameza kunjenjemera kwa mota, kusafike ku singano. Kuipa kwake ndi kwakuti mphira imakalamba, makamaka m'dziko lotentha monga Utale, Ulongwe ndi Liwonde. Bokosi likhoza kunyezimira kunja, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mukanyamula chitsulo chija mudzapeza lamba atatamuka, kapena atasungunuka ngati phula.

Lamba wotamuka amadziwika ndi khutu. Mau a woimba amatsika, amakoka, ndipo gitala imalira ngati yaledzera. Koma khutu limanama nthawi zina, tsono yesani ndi wotchi. Ikani kapepala m'mphepete mwa chitsulo chozunguliracho, ndipo muwerenge kangati kakudutsa pamaso panu. Pa liwiro la 45 kadutse ka 45 pa mphindi imodzi. Pa liwiro la 33 kadutse ka 100 pa mphindi zitatu. Mukapeza kuti kakuperewera, chotsani lamba, mupukute njira yake yonse ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ndipo muyesenso. Kakapereweranso, lambayo watha. Pofuna kudziwa msinkhu wa watsopano, zunguzani ulusi m'njira ya lamba, ndipo mufune wamfupi pang'ono kuposa ulusiwo. Ena amadula chubu cha njinga. Chimazunguza ndithu, ndipo pa tsiku la ukwati chingapulumutse munthu ku manyazi, koma mpeni sudula mofanana, motero mau amanjenjemera. Chothina kwambiri chimakokanso mota ndi kuitopetsa.

Mafuta ndi ofunika pa chitsulo chapakati chimene chonsecho chimazungulirapo. Dontho limodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera akwanira. Mafuta ophikira ndi osayenera, pakuti amauma ndi kumata. Ndipo mafuta asakhudze lamba ngakhale pang'ono, chifukwa adzaterereka.

Pali chinthu china chimene chasokoneza amisiri ambiri. Magetsi a ku Malawi amagunda ka 50 pa sekondi, koma a ku America ka 60, ndipo mota zina zimatsata kugundako. Makina otere ochokera ku America, ngakhale mutawapezera chotsitsira mphamvu ya magetsi kuti asapse, adzazungulira ka 28 m'malo mwa 33. Pamenepo lamba alibe mlandu. Chofunika kusintha ndi kagudumu ka pa mota, kuikapo kokulirapo pang'ono.

Tsopano za mkono wonyamula singano. Mutu wa galamafoni yakale unkapsinja mbale ndi kulemera kopitirira magalamu 100, koma wa makina a lamba umafuna magalamu awiri kapena atatu okha. Kumbuyo kwa mkono kuli chitsulo cholemera chimene chimayenda mukachipotoza. Chipotozeni kufikira mkono utalenjekeka wokha, osagwa osakwera, ndipo kuchokera pamenepo onjezani kulemera kumene opanga singanoyo ananena. Mwambo woika ndalama ya tambala pamutu pa mkono kuti singano isadumphe ndi woipa kwambiri, ngakhale unafala ponseponse. Singano ikamadumpha pali chifukwa chake: mwina yatha, mwina mbale ili ndi fumbi, mwina makina apendekeka. Kupendekeka mungakuone poika kapu ya madzi pamwamba pake, makina ali chiimire. Dziwaninso kuti kupepukitsa mkono mopitirira kumaononganso, pakuti singano imagundagunda m'mbali mwa mzera. Singano ya masiku ano, ngakhale nsonga yake ili ya dayamondi, imatha itaimba maola mazana angapo, ndipo yoimbira 33 ndi 45 siiyenera mbale za 78, zimene mizera yake ndi yotakata.

Zimene zinagonetsa makinawa zinabwera motsatana. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu a ku migodi kwa zaka zingapo. M'zaka zomwezo amalonda Achimwenye anachotsedwa m'misika ya kumidzi kuti akakhale m'mizinda ikuluikulu. Kenaka inafika kaseti, yotsika mtengo, yosaopa fumbi la mseu. Chodabwitsa ndi chakuti Balaka anatchuka ndi nyimbo nthawi ya mbale itapita kale. Alleluya Band inayamba pa Balaka mu 1978, ndipo nyimbo za Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda zinafalikira dziko lonse m'zaka za m'ma 1990 pa makaseti.

Motero mbale zotsala m'midzi ya kwa Nsamala, kwa Kalembo ndi kwa Sitola ndi za mbadwo wa agogo. Mukaipeza imodzi musafulumire kuiimba. Itsukeni ndi madzi oyera ndi sopo pang'ono, kansalu kofewa kakutsata mizera, ndipo iume pamthunzi. Sipiriti amene munapukutira njira ya lamba asayandikire mbale ya 78, chifukwa amasungunula utomoni uja. Mbale zisungidwe choimirira, kutali ndi denga la malata, pakuti dzuwa la mwezi wa October limapinda ya pulasitiki tsiku limodzi lokha. Potsuka samalani pepala la pakati lisanyowe. Pamenepo ndi pamene palembedwa dzina la woimba, dzina la nyimbo ndi nambala ya mbale, ndipo ndi nambala imeneyo anthu osunga nyimbo zakale amatha kufufuza nthawi imene inajambulidwa.