Khola ndi dimba: mbiri ya pakhomo ku Petauke ndi Nyimba

Achinyamata ambiri a mu Lusaka amadziwa Nyimba chifukwa cha nthochi zimene amayi amagulitsa basi ikaima pa Great East Road. Ena amadziwa Petauke chifukwa cha thumba la nshawa ndi tambala womangidwa miyendo amene ambuya amatumiza ku Chawama kapena ku Mtendere. Timangoti ndiwo moyo wakumudzi, ngati kuti unangomera wokha. Koma khola la nkhuku ndi dimba zili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya mabanja amene ankafunafuna njira yopulumukira.

Dera limeneli ndi la Ansenga, a mafumu monga Kalindawalo ku Petauke, ndi Ndake, Luembe, Nyalugwe ndi Mwape ku Nyimba. Kwa Ansenga mwana amatsata mtundu wa amayi ake. Mwamuna akakwatira ankayamba wakhala kwa mkazi monga mkamwini, ndipo nkhani zazikulu za ana ankaweruza ndi amalume. Choncho pakhomo panali pa mkazi, pakati pa abale ake. Kumunsi, m'chigwa cha Luangwa, ng'ombe sizinkakhalitsa chifukwa cha ntchentche za kashembe. Chuma choyenda ndi miyendo chinali mbuzi, nkhumba, nkhunda ndi nkhuku.

Zinthu zinasintha asilikali a Angelezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Patangopita zaka zochepa, atsamunda anaika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu pa chaka. Kumudzi kunalibe kopezera ndalama, motero amuna anayamba ulendo wapansi, ambiri kudzera ku Feira, kumene lero timati Luangwa, n'kuwoloka Zambezi kupita ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Pambuyo pake ena analowera ku Copperbelt. Amene anatsala ndi khasu, ana ndi nkhalamba anali azimayi.

Nthaka nayonso inavuta. Kampani ya North Charterland Exploration inapatsidwa dera lalikulu la masikweya mailosi 10,000, lophatikiza mbali za Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndi za Petauke. Mu 1928 boma linadula malo apadera a anthu akuda, ndipo midzi yambiri inasamutsidwira kumeneko. Anthu anapanikizana, minda inaleka kugonera, nthaka inaguga. Boma linagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kubwezerako anthu. M'zaka zopanikizanazo, kachigawo ka dambo kosunga chinyezi m'chilimwe kanali kamtengo wapatali. Mayi wokhala ndi dimba ankadyetsa ana chimanga chachiwisi, nkhwani ndi nyemba pamene nkhokwe yayamba kuoneka pansi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makopaletivu anayamba kugula nshawa ku Petauke, ndipo nshawa za Chalimbana zinatchuka mpaka kunja kwa dziko. Titalandira ufulu mu 1964 boma linalimbikitsa chimanga cha haibulidi ndi feteleza. Mlatho watsopano wa pa Luangwa unatsegulidwa mu 1968, ndipo Namboard inakhazikitsidwa mu 1969 kuti izigula mbewu. Ndalama za munda waukulu zinkabwera kamodzi pa chaka, kawirikawiri m'manja mwa bambo. Mchere, sopo, parafini ndi makope a ana zinkachokera kwina: mazira angapo, mulu wa matimati, mkoko wa nthochi.

Kenako msika wa boma unagwa. Namboard inathetsedwa mu 1989, boma latsopano la 1991 linasiya malonda a mbewu m'manja mwa amalonda, ndipo mu 1992 kunagwa chilala choopsa. Achikulire amakumbukirabe nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Mabanja okhala ndi chitsime kudimba ndi nkhuku zosinthanitsa ndi ufa anali ndi pogwira.

N'chifukwa chiyani nkhuku? Nkhuku yakumudzi imadzifunira yokha chakudya, n'kungowonjezeredwa gaga. Thadzi limaikira mazira 10 mpaka 15, n'kuwafungatira masiku 21, ndipo limatero katatu kapena kanayi pa chaka. Mbuzi sungaigulitse chifukwa cha ndalama ya basi yopitira kuchipatala, koma nkhuku imodzi imakwanira ndendende. Imalandiranso mlendo, imapepesa mlandu waung'ono, imathokoza amene wathandiza kumanga denga. Zitosi zake zimapita kudimba, masamba otsala kudimba n'kubwerera kukhola. Ana ali ndi gawo lawo: kutsekula khola m'mawa, kuthamangitsa kabawi, kunyamula ndowa madzulo. Mwana wopatsidwa kamsoti ndi ambuya amaphunzira kusamala chuma asanadziwe kulemba dzina lake.

Banki imeneyi ili ndi mdani wake. Chitopa chikalowa m'mudzi, makamaka nyengo yotentha, chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa. Katemera wodontheza m'diso alipo ndipo si wodula, koma amafunika kubwerezedwa kangapo pa chaka, ndiponso kuti mudzi wonse utemere pamodzi. Madambo nawonso akuuma msanga kumene mitengo yatha ndi makala.

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko. M'tauni tinachimva pa mtengo wa ufa ndi kuzimazima kwa magetsi. Kumudzi chimanga chinapserera m'munda, ndipo mabanja anatembenukiranso kumene agogo awo anatembenukira mu 1992.

Ambiri a ife tikatumiza ndalama pa foni timaganiza za feteleza chabe. Tizifunsanso amayi ngati nkhuku zinatemeredwa, ngati mpanda wa kudimba uli chiimire, ngati chitsime chikufuna kukumbidwanso. Ndipo wachibale akabwera ndi maganizo ogulitsa kachigawo ka kudambo, banja likhale pansi ndi amalume lisanavomere. Ndalama ya malo imatha m'miyezi yochepa, pamene dimba lomwelo ladyetsa mibadwo inayi kapena isanu m'zaka zimene boma, kampani ndi mvula zinakana.