Makalata ndi Ndalama za Amalawi m'Mapulazi a Mashonaland, 1972–1980

Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inalowa m'mapulazi a fodya pa 21 December 1972, pamene ankhondo a ZANLA anaombera nyumba ya pa pulazi ya Altena, kufupi ndi Centenary. M'makomboni a dera limenelo, mpaka ku Bindura, Shamva ndi Umvukwes (lero Mvurwi), munali Amalawi ochuluka, ena obwera pa Mthandizi, ena odziyendera okha kudzera ku Tete. Chimene chinkawalumikiza ndi kwao chinali kalata.

Ambiri sanali odziwa kulemba, chotero ankapempha kalaliki wa pa pulazi kapena mkulu wa mpingo kuti awalembere. Keyala inali ya mwini pulazi, ndipo kalata yochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu inkayamba yadutsa m'manja mwa ena isanafike kwa mwini wake. Yochokera kumudzi inkayamba ndi moni wautali, kenaka maliro, ndipo kumapeto ndiko kunkakhala mutu weniweni: ndalama ya msonkho, fizi ya mwana, nsalu ya mayi. Poyankha, munthu wochenjera sankatchula za nkhondo, pakuti asilikali a Ian Smith ankamuganizira kuti akudyetsa anyamata a m'tchire, pamene anyamatawo ankamuyesa kazitape wa Mzungu.

Malipiro anali ochepa kale, mbali ina inali phoso, ndipo ngongole ya ku sitolo ya pa pulazi inkadya zotsalazo mwezi usanathe. Tsono pa 3 March 1976 Samora Machel anatseka malire a Mozambique ndi Rhodesia. Msewu wa ku Nyamapanda ndi Tete unatsekeka, chimodzimodzi njanji yodzera ku Beira. Mbale wopita kutchuthi, amene kale ankanyamula ndalama ndi mabulangete a anzake, analeka kuyenda.

Kumudzi, kukhala chete kumeneku ankakutcha utchona, ndipo mabanja ena anatha nako. Ife abusa ndi akulu a mpingo, amene milandu yotere imatifika, tiyenera kuvomereza kuti dzina loti mtchona linagwera ambiri amene sanaiwale kwao, koma anasowa podzera.

Ufulu utabwera mu 1980, boma linalamula kuti wantchito wa pa pulazi asalandire zosakwana madola 30 pa mwezi, ndipo malire anali atatsegulidwa. Koma posakhalitsa nkhondo ya Renamo inafika pa msewu wa ku Tete, ndipo magalimoto ankayenda m'ndandanda moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe.