Maere a cilimba ndi maere a kompyuta

Gulu la cilimba likayamba, mkangano woyamba umakhala wakuti ndani adzadya mwezi woyamba. M'misika ya ku Katete ndi ku Sinda yankho timalidziwa: ngati muli anthu 12, mumalemba 1 mpaka 12 pa tumapepala, n'kutupinda, n'kutusakaniza m'mbale. Aliyense amatola kamodzi. Palibe wodandaula, cifukwa kapepala kalikonse kanali ndi mwayi wofanana. Nchito yopepukayi inavutitsa akatswiri zaka zambiri pamene anafuna kuti makina aziigwira.

Poyamba manambala a mwamwayi anali kusindikizidwa m'mabuku. Mu 1927, Leonard Tippett wa ku England anatulutsa manambala 41,600 amene anawatola m'zolemba za kalembera wa anthu. Mu 1955, bungwe la RAND ku America linasindikiza buku la manambala 1 miliyoni, opangidwa ndi makina a magetsi. Wofufuza akafuna kusankha midzi kapena odwala mosakondera, anali kutsegula bukulo n'kuwerenga motsatira mzere.

Koma kompyuta ilibe mbale yosakanizira. Imangotsatira malamulo. Cotero m'zaka za m'ma 1940, John von Neumann anaganiza zopanga manambala ooneka ngati a mwamwayi poseŵenzetsa masamu. Tenga nambala yoyambira, mwacitsanzo 5731. Icurukitse ndi iyo yomwe, upeza 32844361. Dula manambala anayi a pakati: 8443. Bwerezanso ndi 8443, upeza ina. Njirayi inali ndi cilema: sipatenga nthawi kuti manambala ayambe kuzungulira pamodzimodzi, mwina kugwera pa 0. Njira zabwinopo zinabwera pambuyo, monga Mersenne Twister ya mu 1997 ya Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura a ku Japan, imene Python amaseŵenzetsa lero.

Nanga 8443 ingathandize bwanji gulu la anthu 12? Apa ndiye pali nkhani ya malire. Gawa 8443 ndi 12, patsala 7. Cotsala sicingapitirire 11, ndipo cimayambira pa 0, ndiye umawonjezera 1 kuti cikhale pakati pa 1 ndi 12. Wadya ndi nambala 8. Ukaiwala kuwonjezera 1, mwini nambala 12 sadzasankhidwa mpaka kalekale. Ukalemba random.randint(1, 12) mu Python, kapena RANDBETWEEN(1,12) mu Excel, umauza makina malire omwewa, ndipo 1 ndi 12 onse ali m'kati.

Kulakwitsa pa zimenezi kumapweteka anthu enieni. Ambiri timadziwa maere a green card a ku America, amene a ku Zambia nawonso akhala akulembetsa pa intaneti m'zaka zapitazi. Mu Meyi 2011, boma la America linafafaniza zotsatira zonse za maere a DV-2012. Pulogalamu inali italakwika: opambana oposa 90 pa 100 alionse anacokera mwa amene analembetsa m'masiku awiri oyamba. Anthu pafupifupi 22,000 anali ataona kale kuti asankhidwa. Maere anacitikanso, zotsatira zatsopano n'kutuluka mu Julayi. Zinali ngati wina watola tumapepala twa pamwamba cabe, mbale asanaigwedeze.

Masiku ano magulu ena a cilimba ali pa WhatsApp, ndipo foni ndiyo imasankha. Palibe coipa. Koma musalole mawu akuti "ndi kompyuta yasankha" kutseka pakamwa panu. Funsani kuti malire ayambira pati ndi kuthera pati, ndipo onani ngati dzina lililonse lili ndi nambala yake. Batani lidinidwe kamodzi, onse akuona, cifukwa wodina kasanu yekha kuseri amangosunga yankho lomukomera. Amayi a pamsika amagwedeza mbale pamaso pa gulu lonse, ndipo foni nayo iziyenda pa lamulo lomwelo.