Mmene Dziko Lidachotsedwera Pakati pa Chilengedwe

Tsiku lililonse munthu amaona dzuwa likutuluka kum'mawa ndi kukalowa kumadzulo, pomwe nthaka imene wapondapo siigwedezeka mpang'ono pomwe. N'chifukwa chake anthu akale, ngakhale ophunzira kwambiri, adakhulupirira kuti dziko lapansi lidangokhala duu pakati, ndipo dzuwa, mwezi ndi nyenyezi ndizo zimalizungulira. Cha m'ma 150 AD, Ptolemy wa ku Alexandria adalongosola ganizoli mwa masamu, ndipo lidakhazikika kwa zaka pafupifupi 1,400.

M'chaka cha 1543 kudatuluka buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, lonena kuti dzuwa ndilo lili pakati, ndipo dziko ndi limodzi chabe mwa mapulaneti olizungulira. Ambiri adawiringula. Ngati dziko likuyendadi, bwanji mwala woponyedwa m'mwamba umagwera pamalo pomwe udachokera?

Amene adawongola ganizoli ndi Johannes Kepler wa ku Germany. Iye adatha zaka zingapo akusanthula miyeso ya kayendedwe ka Mars imene Tycho Brahe adasiya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ataona kuti masamu ake akusemphana pang'ono ndi miyesoyo, sadabise kusemphanako, koma adataya chikhulupiriro chakuti mapulaneti amayenda m'njira yozungulira ndendende. M'chaka cha 1609 adalengeza kuti njirayo ndi yamphwamphwa pang'ono, yokhala ngati dzira.

Chaka chotsatira, Galileo Galilei wa ku Italy adaloza kumwamba chipangizo choonera zakutali. Adaona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter, umboni woti si zonse zimene zimazungulira dziko. Adaonanso kuti Venus, imene Achewa amaitcha nthanda, imakula ndi kuchepa monga mwezi, m'njira imene chiphunzitso cha Ptolemy sichikadatha kufotokoza. Choonadichi chidamuika m'mavuto. M'chaka cha 1633 bwalo la Mpingo ku Rome lidamukakamiza kukana zimene ankaphunzitsa, ndipo adakhala womangidwa panyumba mpaka imfa yake mu 1642.

Funso lotsala lidali lakuti: n'chiyani chimagwira mapulaneti kuti asasokere? Isaac Newton wa ku England adaliyankha mu 1687. Iye adasonyeza kuti mphamvu imene imagwetsa chipatso mumtengo ndi yomwenso imasunga mwezi ndi mapulaneti m'njira zawo.

Kusinthaku sikudathere pomwepo. Pluto, imene idapezeka mu 1930, idawerengedwa ngati pulaneti yachisanu ndi chinayi kufikira mu 2006, pamene akatswiri a zakuthambo adasonkhana ku Prague naichotsa pagululi, atapeza zinthu zina zofanana nayo kutali ndi dzuwa.

M'zaka zonsezi dzuwa silidasinthe, ndiponso mapulaneti sadasiye njira zawo. Chidasintha ndi maganizo a anthu amene adalimba mtima kuvomereza umboni, ngakhale pamene umboniwo udatsutsa maso awo, aphunzitsi awo ndi olamula a nthawi yawo.