Mbili ya mapulogilamu a pa wailesi ogawidwa m'dziko la America

M'dziko la America, pulogilamu imodzi ingakonzedwe mumzinda umodzi ndi kumveka pa mawailesi mazana ambili m'sabata imodzimodziyo. Kampani imene yakonza pulogilamuyo imaigawa ku nyumba za wailesi zosiyanasiyana, ndipo nyumba iliyonse imaiulutsa kwa anthu a m'dela lake. Pa Cingelezi njila imeneyi imachedwa syndication.

Njilayi inachuka mu 1928 mumzinda wa Chicago, pamene Freeman Gosden ndi Charles Correll anayambitsa sewelo lochedwa Amos 'n' Andy pa wailesi ya WMAQ. Amuna awiliwa anali kujambulilatu mau ao pa malekodi a galamafoni ndi kuwatumiza ku mawailesi a m'mizinda ina. Mu 1929 sewelolo linasamukila ku NBC ndipo linakopa omvetsela mamiliyoni. Komabe anthu akuda ambili anadandaula nalo, cifukwa Gosden ndi Correll anali azungu amene anali kuseleula kalankhulidwe ka anthu akuda.

Pa nkhani ya nyimbo, pulogilamu yodziwika kwambili ndi American Top 40, imene inayamba kumayambililo kwa July mu 1970 pa mawailesi asanu ndi awili okha. Muulutsi wake, Casey Kasem, anali kuimbitsa nyimbo 40 zokondedwa kwambili m'sabatayo, kuyambila pa nambala 40 kufika pa nambala wani, motsatila mndandanda wa magazini ya Billboard. Pakati pa nyimbo anali kusimba mbili ya oimba, ndipo kuyambila mu 1978 anali kuwelenganso makalata a omvetsela opatsa moni okondedwa ao okhala kutali. Pulogilamuyi inafika pa mawailesi mazanamazana, kuphatikizapo a m'maiko akunja. Ryan Seacrest anatenga malo a Kasem mu 2004, ndipo Kasem anamwalila mu 2014.

Mapulogilamu okambilana za ndale anakula pambuyo pa 1987. M'caka cimeneco bungwe la FCC, limene limayang'anila zoulutsa mau m'dzikolo, linacotsa lamulo lokakamiza mawailesi kupeleka mpata ku mbali zonse pa nkhani zokanganitsa anthu. Mu 1988 Rush Limbaugh anayamba kumveka m'dziko lonse, ndipo m'kupita kwa zaka pulogilamu yake inafika pa mawailesi pafupifupi 600. Iye anamwalila mu 2021.

Cifukwa cacikulu cimene eni mawailesi amakondela mapulogilamu otele ndi ndalama. Nthawi zambili nyumba ya wailesi silipila kanthu kuti ilandile pulogilamu. M'malo mwake imapatsa kampani yokonza pulogilamuyo mphindi zingapo pa ola lililonse, ndipo kampaniyo imagulitsa mphindizo kwa otsatsa malonda. Motelo wailesi yaing'ono ya kumudzi imakhala ndi muulutsi wochuka popanda kumulipila malipilo a pamwezi. Katumizidwe nakonso kanapepuka: malekodi ndi matepi a pa positi analowedwa m'malo ndi setilaiti, kenaka intaneti.

Koma phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Lamulo la mu 1996 linalola kampani imodzi kukhala ndi mawailesi oculuka m'dziko lonse, ndipo m'zaka zocepa kampani ya Clear Channel, imene tsopano imachedwa iHeartMedia, inali ndi mawailesi oposa 1,000. M'matauni ambili aulutsi a kumaloko anacotsedwa nchito, ndipo m'malo mwao munabwela mau ojambulidwa kutali. Otsutsa njilayi amati muulutsi wokhala ku New York kapena ku Los Angeles sangalengeze malilo, msonkhano wa khonsolo kapena cenjezo la cigumula m'tauni imene sanapondemo. Eni mawailesi amayankha kuti popanda mapulogilamu ogawidwa, nyumba zing'onozing'ono zambili zikanalephela kudzaza maola onse a tsiku.