Lamulo Lachisanu ndi Chitatu ku Yunivesite ya Mzuzu



Makolo ambiri amadera nkhaŵa mwana wao akasankhidwa kukaphunzira za Mulungu ndi zipembedzo ku Yunivesite ya Mzuzu. Amafunsa kuti: mwana amene tidamlera m'Eklezia Katolika, akakakhala m'kalasi limodzi ndi a CCAP, a Baptist ndi a Pentekosite, naphunzira za Chisilamu ndi za mizimu ya makolo, kodi adzabwerako ndi chikhulupiriro chake? Funso limeneli nlomveka, ndipo sitiyenera kulinyoza. Koma kuti tiliyankhe bwino, tiyeni tione kumene maphunziroŵa adachokera ndi mwambo umene amasunga.

Tiyambire pa phiri la Khondowe. Mu 1894 Dr Robert Laws, mmishoni wa ku Scotland, adakhazika kumeneko sukulu yaikulu ya Livingstonia. Iye ankafuna kuti tsiku lina idzakhale yunivesite, koma adabwerera kwao mu 1927 zimenezo zisadachitike. Sukuluyo idaphunzitsa anyamata kuŵerenga Baibulo ndi kufunsa mafunso, ndipo ena mwa iwo adayamba kufunsa amishoni eni akewo. Elliot Kamwana, Mtonga wa kunyanja, adaisiya sukuluyo, nadzabwerera kwao mu 1908 akulalika chiphunzitso cha Watch Tower. Adabatiza anthu zikwizikwi, ndipo boma la atsamunda lidampirikitsa mu 1909. Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda amene Livingstonia idaŵadzoza mu 1914, adatuluka mu 1933 nayambitsa mpingo wakewake.

Kwa zaka zambiri mbiri ya anthu otereŵa inkadziŵika makamaka kupyolera m'malipoti a amishoni ndi a boma, ndiye kuti m'mau a anthu omwe adakangana nao. Tonse tikudziŵa kuti mfumu yanzeru siigamula mlandu itamva mbali imodzi yokha. Chimodzimodzinso Nyau, mizimu ya makolo ndi Chisilamu: kaŵirikaŵiri ozilemba adali anthu amene ankalimbana nazo.

Chaka cha 1965 chidabweretsa zinthu ziŵiri. Kuno kwathu Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa. Ku Rome, pa 28 Okutobala, Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiŵiri udatulutsa chikalata cha Nostra Aetate, chophunzitsa kuti Eklezia sakana chilichonse choona ndi choyera chimene chili m'zipembedzo zina, ndiponso kuti Asilamu tiziŵaona mwaulemu. Ansembe ena adagwira ntchito yao mu mzimu umenewu. Bambo Matthew Schoffeleers, wa chipani cha Amonfoti, adakhala zaka zambiri akufufuza za kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, akumvetsera akuluakulu osunga kachisiyo, ndipo buku lao lotchedwa River of Blood lidatuluka mu 1992. Bambo Joseph Chakanza, amene adatisiya mu 2019, adaphunzitsa za zipembedzo ku Chancellor College ku Zomba, nayambitsa magazini ya Religion in Malawi mu 1987. Mu 1998 wansembe wa Katolika ameneyu adatulutsa buku lofotokoza utumiki wa Kamwana yemwe uja, mlaliki amene sadali bwenzi la mipingo ya amishoni. Sadalembe kuti amtamande kapena amnyoze, koma kuti Amalaŵi amumvetse monga adaliri.

Tisaiŵale kuti zambiri mwa izi zidachitika m'nthaŵi yovuta. Lamulo la 1968 lidapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku. Mu 1987 Dr Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, adatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, natuluka mu 1991. Pa 8 Malichi 1992 Maepiskopi athu adaŵerengetsa m'matchalitchi kalata yao ya Lenti yodzudzula zosalungama. Ophunzira a ku Zomba adaguba poŵachirikiza, ndipo Monsinyolo John Roche, amene ankayang'anira Dayosizi ya Mzuzu, adapirikitsidwa m'dziko muno. Aphunzitsi a nthambi ya zaumulungu ndi zipembedzo adaona ndi maso ao kuti kunena zoona kuli ndi mtengo wake.

Ufulu utabwera, aphunzitsi a ku Zomba, monga Kenneth Ross, Klaus Fiedler ndi Bambo Chakanza, adayamba kusindikiza mabuku a mndandanda wa Kachere, dzina la mtengo uja umene akulu amakhala pamthunzi pake pokamba milandu. M'mndandanda umenewu mudatuluka mau a Mwasi mwini wake ofotokoza chifukwa chimene adachokera ku Livingstonia, buku la mbiri ya Asilamu a m'Malaŵi, ndi buku la Isabel Apawo Phiri la 1997 lonena za amai Achicheŵa mu mpingo wa Nkhoma. Mai Phiri ameneŵa adalaŵa zoŵaŵa mu 1995, pamene adaulula zotsatira za kafukufuku wokhudza nkhanza zochitira ophunzira aakazi: gulu la ophunzira lidagenda nyumba yao. Choncho nkhondo yolimbana ndi choona sichokera ku boma kokha. Imaphulikanso pakati pa ophunzira eni ake.

Mwambo umenewu ndiwo udafika ku Mzuzu. Yunivesite ya Mzuzu idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997, niitsekulidwa mu 1999 ku Luwinga, m'nyumba zimene kale zidali za sukulu ya aphunzitsi. Pulofesa Fiedler adasamukira kumeneko mu 2008, ndipo Mzuni Press idayamba kutulutsa mabuku a aphunzitsi ndi ophunzira omwe. Hany Longwe adalemba mbiri ya mpingo wake wa Baptist Convention. Rachel NyaGondwe Fiedler adalemba mbiri ya gulu la amai a mu Africa ophunzira zaumulungu. Ndipo mu 2020 Ross ndi Fiedler adatulutsa buku la mbiri ya mipingo yonse ya m'Malaŵi kuyambira 1860 mpaka 2020, m'mene Akatolika, Apresibiteriani, Aanglikani ndi mipingo yoyambitsidwa ndi Amalaŵi ali m'chikuto chimodzi. Pamene moto udapsereza laibulale ya yunivesiteyi mu Disembala 2015, phindu la kusindikiza lidaonekera poyera: cholembedwa cha kope limodzi chimatha ndi moto umodzi, koma buku limene lamwazikira m'maparishi, m'maseminale ndi m'nyumba za anthu moto sungalipeze lonse.

Nanga mwambowo ngwotani? Choyamba, wophunzira amapita kukamvetsera eni ake: shehe wa ku Nkhotakota, mai wa Umanyano ku Ekwendeni, mkulu wa mpingo wa Zioni. Izi zimafuna nthaŵi, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Chachiŵiri, chilichonse chimene walemba ayenera kuonetsa kumene wachitenga, kuti wina athe kuchilondola ndi kumtsutsa ngati walakwa. Kutenga ntchito ya mnzake nkuiyesa yake ndi kuba kwenikweni. Chachitatu, muyeso ukhale umodzi: asabise zofooka za mpingo wake pamene akuŵerenga za mipingo ina. Chachinayi, zimene wazipeza azibwezere kwa anthu amene adamuuza, osati zikangokhala m'malaibulale a ku London kapena ku Edinburgh.

Abale athu, mukaziyang'ana bwino zinayi zimenezi mudzaona kuti si zachilendo kwa ife. Ndi lamulo lachisanu ndi chitatu lija tidaliphunzira m'katekisimu, loletsa kunamizira mnzathu. Lamuloli silikhudza mnansi wa khomo limodzi yekha ayi. Likhudzanso Msilamu, wa Mboni za Yehova, ngakhale akufa amene sangathenso kudziyankhira. Amene anena zabodza za chipembedzo cha mnzake, ngakhale atero pofuna kuteteza Eklezia, wachimwira Mulungu amene ali Choona chenicheni.

Sitikunena kuti ku yunivesite kulibe zoopsa. Nzeru zimatha kutukumula munthu, ndipo alipo amene amafuna digiri koposa choona. Yunivesite si seminale, ndipo siidzamphunzitsa mwana wanu kupemphera; imeneyo ndi ntchito ya banja, ya mphakati ndi ya parishi. Koma nzeru ndi chikhulupiriro si adani. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adaphunzitsa zimenezi m'kalata yake ya Fides et Ratio mu 1998, ndipo ku Mzuzu komweko Bambo John Ryan adaphunzitsa masamu pa yunivesite zaka zambiri asadasankhidwe kukhala Episkopi wa Dayosiziyo mu 2016.

Tsono inu makolo, mwana akabwera ku tchuthi ndi mafunso ovuta, musamtseke pakamwa. Khalani naye pansi, mumve zimene waphunzira, ndipo mumkumbutse za Misa ndi masakramenti. Inunso ophunzira, lembani za anzanu a zipembedzo zina motero kuti iwo eni akaŵerenga avomere kuti simudaŵanamizire. Ambuye amene adzatiŵeruza pa mau athu onse adzaŵerenganso zimene tidalemba.

Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.